Ndalama za fodya, masheya a Cahora Bassa ndi misampha ya m'mutu

Mu Juni ndi Julayi 2019, alimi a ku Macanga ndi ku Tsangano ali kalikiliki kudinda mabelo a fodya, kampani ya magetsi ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, yomwe ambiri amangoti HCB, inatsegula khomo kuti nzika wamba za Mozambique zigule kachigawo ka damu la ku Songo. Sheya imodzi inali pa metikali 3. Poyamba akuluakulu anafuna kugulitsa 2.5 peresenti ya kampaniyo, koma ofuna kugula anapempha masheya oposa kawiri omwe analipo, mwakuti anakweza mpaka 4 peresenti. Anthu ndi makampani pafupifupi 17,000 anasanduka eni ake a HCB, ndipo ndalama zomwe zinatoleredwa zinali pafupifupi metikali 3.3 biliyoni.

Kugula sheya sikuvuta. Mutu umayamba kuwawa pambuyo pake: kugulitsa liti, kusunga mpaka liti, kumvera ndani. Kwa zaka zoposa 40 akatswiri ofufuza kaganizidwe ka munthu akhala akuonetsa kuti pa mafunso amenewa maganizo amapusitsa mwini wake, ndipo mapusitsidwe ake ndi amodzimodzi kaya munthuyo ali ku New York kaya ku Furancungo, likulu la Macanga.

Msika wa masheya uli ku Maputo. Nkhaniyi ikumukhudza bwanji munthu wa ku Furancungo?

Msikawo, Bolsa de Valores de Moçambique, unayamba kugwira ntchito mu 1999, ndipo kampani yoyamba kuikapo masheya inali yofulula mowa ya Cervejas de Moçambique mu 2001. Mpaka lero makampani ake ndi owerengeka. Koma mtunda sukutchinganso monga kale. Pa nthawi ya HCB munthu ankatha kulembetsa pa foni ya m'manja, ndipo foni yomweyo, imene imanyamula M-Pesa ndi e-Mola, ndi imenenso imabweretsa mauthenga a anthu olonjeza phindu la msangamsanga.

Kuwonjezera apo, mlimi wa ku Macanga anayamba kale kusankha poika mpamba wake, ngakhale sadzitcha ndi dzina lapamwamba. Wolima fodya pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco amalandira ndalama za chaka chonse m'miyezi yochepa. Akachotsa ngongole ya feteleza n'kulipira aganyu, zotsalazo zimafuna mutu: malata, njinga yamoto ya kabaza, ng'ombe, chigayo, kapena kugula soya akadali wotchipa n'kumusunga kudikira mtengo. Wa mbatatesi ku Tsangano naye amasankha pakati pa kukumba lero ndi kudikira mwezi wa mawa, pakati pa kulandira kwacha ndi kulandira metikali. Maganizo amene amasankha zimenezi ndi omwewo amene adzagule sheya.

Anazindikira ndani kuti maganizo amatsetsereka pa nkhani ya ndalama?

Mayina awiri amatchulidwa kwambiri: Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, akatswiri a ku Israel. Mu 1979 iwo anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti munthu sayeza kupeza ndi kutaya pa sikelo imodzi. Muuzeni kuti muponya ndalama yachitsulo m'mwamba, ikagwa chagada ataya metikali 1,000, ikagwa chafufumimba apata. Ambiri savomera pokhapokha chopatacho chitafika cha m'ma 2,000. Ululu wa kutaya umaposa chimwemwe cha kupeza pafupifupi kawiri. Tversky anamwalira mu 1996, ndipo Kahneman analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2002.

Kuopa kutaya si nzeru kodi? Kumalakwika pati?

Pa moyo wa kumudzi ndi nzeru ndithu. Banja lomwe lili ndi nkhokwe imodzi siliyenera kuichitira juga. Makolo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo mawuwo apulumutsa mabanja ambiri. Koma pa msika wa masheya mantha omwewa amabala khalidwe lachilendo: munthu amathamangira kugulitsa sheya yomwe yakwera kuti phindu lifike pamphuno, n'kukakamira yomwe yagwa chifukwa kuigulitsa n'kuvomera kuti waluza.

Terrance Odean wa ku America anaunika maakaunti 10,000 a anthu wamba ogula masheya, kuyambira 1987 mpaka 1993. Anapeza kuti sheya yomwe yakwera inkagulitsidwa mofulumira kwambiri kuposa yomwe yatsika. Chowawa n'chakuti m'chaka chotsatira, masheya okwera omwe anthuwo anagulitsa anachita bwino ndi 3.4 peresenti kuposa otsika omwe anawasunga. Ankataya abwino, n'kufungatira ofooka.

Khalidweli silisowa kumapiri kuno. Wogula chimanga chosunga akaona mtengo watsika kuposa umene anagulira, nthawi zambiri amatseka chitseko n'kunena kuti sagulitsa moluza. Miyezi ikupita, anankafumbwe akudya, ndalama ya mankhwala ikutuluka, ndipo chimanga chatsopano chikafika pa msika mtengo umagweratu. Funso lomuthandiza likanakhala lakuti: ndikanakhala ndi ndalama m'manja lero, kodi ndikanagula chimanga chimenechi pa mtengo wa lero? Akayankha kuti ayi, ndiye kuti chomwe chikumusungitsa si chiyembekezo cha phindu koma manyazi.

N'chifukwa chiyani mtengo umene munthu anagulira umakhazikika chonchi m'mutu?

Chifukwa nambala yoyamba kumva imakoka zonse zobwera pambuyo, ngakhale ilibe tanthauzo. Mu 1974 Tversky ndi Kahneman anazungulitsa gudumu la manambala pamaso pa anthu, atalikonza kuti liziima pa 10 kapena pa 65 basi. Kenako anawafunsa kuti mwa mayiko onse a mu United Nations, a mu Africa ndi maperesenti angati. Amene anaona 10 anayankha cha m'ma 25, amene anaona 65 anayankha cha m'ma 45. Onse ankaona ndi maso awo kuti gudumu silidziwa kanthu za mayiko, koma linawakokabe.

Kwa mwini sheya wa HCB, nambala imeneyo ndi metikali 3. Mtengo ukakhala pamwamba pake amadziona wopambana, ukakhala pansi amadziona wobedwa. Koma phindu la kampaniyo limachokera ku madzi a m'damu, ku magetsi omwe imagulitsa, makamaka kwa Eskom ya ku South Africa, ndi ku gawo la phindu limene imagawira eni masheya. Zimenezi sizikumbukira zomwe munthu analipira mu 2019.

Anthu ambiri akathamangira chinthu chimodzi, si umboni kuti n'chabwino?

Apa ndi pamene anthu ambiri apsera. Kutsata anzako kuli ndi maziko ake, pakuti munthu sangafufuze zonse yekha. Vuto ndi lakuti pa msika, chigulugulu chimasintha chinthu chomwe chikuthamangiridwacho. Ogula akachuluka mtengo umakwera, ndipo wofika mochedwa amagula modula chinthu chomwe woyamba anagula motchipa.

Alimi a nandolo anazionera. Mu 2015 ndi 2016 mitengo inali yokoma chifukwa dziko la India linali litakolola zochepa, ndipo ku Mozambique ndi ku Malawi minda ya nandolo inachuluka. Aliyense ankaona mnzake akukhoma malata. Kenako India inakolola zambiri, ndipo mu Ogasiti 2017 inaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo. Mtengo unagwa mochititsa mantha, ndipo amene anavulala kwambiri ndi omwe analowa pomaliza, atakuza minda poyang'ana mtengo wa chaka chatha.

Pa masheya, chitsanzo chodziwika mu Africa muno ndi cha Safaricom ya ku Kenya. Mu 2008 kampaniyo inagulitsa masheya pa mashilingi 5, ndipo anthu anapempha oposa kasanu omwe analipo. Ambiri anakongola ndalama ku banki kuti asatsalire. Patangopita miyezi yochepa chuma cha dziko lonse chinagwedezeka, ndipo kumayambiriro kwa 2009 sheyayo inali pansi pa mashilingi 3. Okongola aja anagulitsa moluza kuti abweze ngongole. Amene anagula ndi ndalama zawozawo n'kudekha anaona sheya yomweyo ikudutsa mashilingi 40 mu 2021, isanatsikenso. Kampani inali imodzi, tsiku logula linali limodzi, koma ngongole ndi mantha zinalekanitsa anthu.

Akathyali amadziwa bwino mphamvu ya chigulugulu. MMM, yomwe anayambitsa Sergei Mavrodi wa ku Russia, inkalonjeza 30 peresenti pa mwezi, ndipo inagwa ku South Africa ndi ku Zimbabwe mu 2016 itameza ndalama za anthu ambirimbiri. Oyamba kulowa ankalandiradi, chifukwa ankapatsidwa ndalama za obwera pambuyo. Choncho umboni wa mlamu kapena wa mnzako wa ku tchalitchi unali woona, ndipo kuona kwakeko ndiko kunkakopa ena.

Nanga achinyamata omwe amagula ndi kugulitsa pa foni tsiku lililonse, si iwo odziwa?

Kafukufuku sakuwakomera. Odean ndi mnzake Brad Barber anatsata mabanja 66,465 a ku America kuyambira 1991 mpaka 1996. Msika wonse unkapereka 17.9 peresenti pa chaka, pamene mabanja omwe ankagula ndi kugulitsa pafupipafupi kuposa onse ankapeza 11.4 peresenti. Kusiyanako kunathera makamaka m'malipiro a kugula ndi kugulitsa. Pa kafukufuku wina awiriwa anapeza kuti amuna ankasinthasintha masheya ndi 45 peresenti kuposa akazi, ndipo ankadzichepetsera phindu kuposa akaziwo.

Ku Brazil zinaoneka poyera kwambiri. Ofufuza anatsata anthu omwe anayamba kugula ndi kugulitsa tsiku lomwelo pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene anapirira masiku oposa 300, anthu 97 pa 100 alionse analuza. Kukhalitsa pa ntchitoyo sikunawaphunzitse kupambana.

Chomwe chimawagwira ndi kudzikhulupirira mopyola. Munthu akapata amati ndi nzeru zake, akaluza amati ndi tsoka kapena intaneti inadula. Pa WhatsApp ndi pa Facebook amaonetsa tsiku lomwe anapata lokha. Mphunzitsi wachinyamata kapena namwino amene wangoyamba kulandira malipiro ku Furancungo akaona zithunzizo, amaona opambana okhaokha, chifukwa oluza amakhala chete.

Kodi si bwino kungogula kampani imene munthu akuidziwa, monga HCB ya kwathu ku Tete?

Kunyadira HCB n'komveka. Damulo linamangidwa m'nthawi ya Apwitikizi, ndipo linabwerera m'manja mwa Mozambique pa 27 Novembala 2007. Koma kudziwa njira ya ku Songo n'kosiyana ndi kudziwa mabuku a ndalama a kampani. Ofufuza apeza m'mayiko ambiri kuti anthu amaunjika ndalama m'makampani apafupi ndi kwawo poganiza kuti chozolowereka sichiluma.

Pali chinthu china chimene mlimi wa ku Tete ayenera kuchiganizira mozama. Chilala cha El Niño cha 2023 ndi 2024, chomwe chinapsereza minda kumwera kwa Africa, chinatsitsanso kwambiri madzi m'nyanja ya Cahora Bassa. Munthu amene chuma chake chili m'munda, ndipo zosunga zake zonse zili mu kampani yodalira mtsinje wa Zambezi, wadalira mvula kawiri. Izi sizikutanthauza kuti sheyayo ndi yoipa. Zikutanthauza kuti kwa mlimi, siyenera kukhala pothawira pokhapo.

Ku Malawi masheya akwera kwambiri. Anthu a m'malire akutaya mwayi?

Nkhani za ku Blantyre zimafika msanga ku Tsangano, poti Ntcheu ndi pakhomo. Msika wa Malawi Stock Exchange unalandira kampani yoyamba, NICO, mu 1996, ndipo unadzaza anthu atsopano mu 2020 pamene Airtel Malawi inagulitsa masheya pa K12.69 ndi FDH Bank pa K10. Mu 2023 msika wonse unakwera ndi pafupifupi 79 peresenti.

Nambala imeneyi imathobwa m'maso, koma iwerengedwe bwino. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700, pamene chaka chinayamba ili cha m'ma K1,030. Tinene kuti munthu anaika K1 miliyoni mu Januwale. Pamenepo zinali pafupifupi madola 970. Pofika Disembala anali ndi K1.79 miliyoni, zomwe pa mtengo wa ku banki zinali cha m'ma madola 1,050. Popeza metikali sinasunthe chaka chonsecho, ili cha m'ma 64 pa dola, munthu wowerengera chuma chake mu metikali anapindula zosakwana 10 peresenti. Kwa Mmalawi masheyawo anathandizadi kuteteza ndalama ku kugwa kwa kwacha. Kwa wa ku Tsangano phindu linali laling'ono, chifukwa mutu umakondwa ndi kuchuluka kwa manambala n'kuiwala kufunsa kuti agula matumba angati a feteleza. Ogulitsa mbatatesi omwe anagona ndi makwacha m'nyumba sabata imeneyo ya Novembala safunika kuwafotokozera.

Ndiye kuti aliyense wokana masheya ndi mabanki wapusitsidwa ndi maganizo ake?

Ayi, ndipo apa m'pofunika chilungamo. Akatswiri ena amafulumira kutcha mantha a anthu osauka umbuli, pamene manthawo ali ndi mbiri yake. Mu 2016, ngongole zobisika za boma la Mozambique zitaululika, metikali inagwa mpaka kuyandikira 80 pa dola ndipo mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 25 peresenti. Mu Novembala chaka chomwecho Banco de Moçambique inatseka Nosso Banco, ndipo thumba loteteza osunga ndalama linkabweza zosaposa metikali 20,000 pa munthu. Woona zimenezi n'kusankha ng'ombe sanasokonezeke mutu. Komanso pa msika wa ku Maputo ogula ndi ogulitsa ndi ochepa, mwakuti sheya ina imatha masiku osagulidwa. Ng'ombe ikafunika kugulitsidwa wogula amapezeka pafupi.

Umphawi nawo umalemetsa mutu. Mu 2013 Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi anzawo anafalitsa zomwe anapeza atayesa alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu, m'dziko la India. Anthu omwewo anakhoza bwino mayeso a kuganiza atakolola n'kulandira ndalama, kuposa mmene anachitira asanakolole ali pa usiwa. Nzeru zawo sizinasinthe, koma nkhawa inkadya malo m'mutu. Aliyense amene anaona bambo wanzeru zake akutenga katapila mu Febuluwale, kapena kugulitsa mbewu ikadali m'munda, amvetsa. Munthu wotere safunika kumunyoza. Chofunika n'chakuti zisankho zikuluzikulu zisagwere m'miyezi ya njala.

Ngati kudziwa misampha sikokwanira, chimathandiza n'chiyani?

Kahneman mwini wake ankanena poyera kuti zaka zonse za kafukufuku sizinamuchotsere zofooka zimenezi. Chomwe chaoneka kuti chimagwira ntchito ndi kumanga chisankho nthawi idakalipo, ndalama zisanafike m'manja ndi mtima usanatenthe.

Umboni wapafupi ukuchokera kwa alimi a fodya enieni. Mu 2009 Lasse Brune, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang anagwira ntchito ndi alimi oposa 3,000 a m'makalabu pafupifupi 300 m'chigawo chapakati cha Malawi, mogwirizana ndi Opportunity International Bank of Malawi. Ena anapatsidwa mwayi woti ndalama za fodya zizilowa mwachindunji mu akaunti yawo, ndipo ena anatha kutsekera gawo lina mpaka tsiku lomwe anasankha okha, nthawi yodzala itayandikira. Ambiri anatapa ndalama zochuluka m'masabata oyamba omwe, ndipo zotsekeredwa zinali zochepa. Ngakhale zinali choncho, alimi omwe anapatsidwa mwayiwu anagula zipangizo zambiri m'nyengo yotsatira ndipo anagulitsa zokolola zambiri kuposa anzawo omwe analandira ndalama pamanja.

Ku Busia, m'dziko la Kenya, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anapeza zofanana. Alimi atapatsidwa mwayi wolipiriratu feteleza atangokolola, n'kuwabweretsera pakhomo ulere, ogwiritsa ntchito feteleza anachuluka mofanana ndi pamene mtengo unadulidwa pakati nyengo yothira itafika. Amayi a xitique ndi a banki m'khonde akhala akuchita zomwezi popanda kafukufuku: amapereka ndalama ku gulu kuti ikhale patali ndi dzanja lawo lomwe, komanso ndi achibale obwera kudzapempha.

Wofuna kugula masheya angatengerepo njira yomweyo. Asanalipire, alembe pa pepala chifukwa chimene akugulira, zaka zimene akufuna kusunga, ndi chimene chingamuchititse kugulitsa, kuti tsiku la mantha adzawerenge zomwe analemba mutu uli pamalo. Adutse ku banki kapena kwa wogulitsa masheya wovomerezeka ndi Banco de Moçambique, ali ndi chiphaso chake cha BI ndi nambala yake ya msonkho ya NUIT, osati kwa munthu wa pa foni wofuna kuti ndalama itumizidwe lero lomwe. Asagule ndi ngongole. Ndipo ndalama ya feteleza wa mu Novembala kapena ya sukulu ya ana mu Januwale isalowe m'masheya, chifukwa pa msika wa ogula ochepa ngati wa ku Maputo, munthu wofuna ndalama sabata ino amakakamizika kulandira mtengo uliwonse umene wapezeka.